Bambo anu si okanika ayi, tamvani za ku Tuvalu

Mchemwali wina wa ku Nsanje, amene akugwira ntchito ku Blantyre, wanditumizira imelo. Anamva pa wailesi kuti anthu a ku Tuvalu ayamba kusamukira ku Australia chifukwa nyanja ikukwera, ndiye akufunsa kuti kadziko kotere kamakonzekera bwanji. Funso lake lenileni linali kumapeto: ngati dziko lathunthu lavomera kusamuka, bambo ake akukaniranji kuchoka m'mbali mwa Shire? Akuti ndi okanika.

Achemwali, pamenepo mwandikhudza, chifukwa agogo anga aakazi ankanenedwa chimodzimodzi.

Iwo ankakhala ku Chikwawa, tsidya la kum'mawa kwa Shire. Madzi a mu Januwale 2015 anagwetsa nyumba yawo, anakokolola mbuzi ndi nkhokwe, ndipo anakagona m'kalasi pasukulu ina pamodzi ndi mabanja ambirimbiri, aliyense atatsamira kathumba kake. Madzi ataphwa kunabwera akuluakulu ena pa galimoto kudzanena kuti mudzi wonse usamukire kumtunda. Agogo sanakane tsiku lomwelo. Anapita kukawaona malowo ndi amalume. Anapeza miyala, dothi louma gwaa, mjigo uli kutali, ndipo malowo anali a mfumu ina. Pamsonkhano wotsatira anaimirira n'kufunsa kuti dimba lawo likhala la yani akachoka, komanso akadzamwalira adzaikidwa kuti, popeza amuna awo ndi ana awo awiri anagona kumanda a kumunsi. Palibe anawayankha. Anabwerera kukamanga pomwe panagwa nyumba paja.

Anthu a m'tauni sadziwa kuti dimba n'chiyani kwa munthu wa kuchigwa. Madzi omwewo amene amagwetsa nyumba ndi amene amasiya dothi lakuda lonona. Mvula ikatha, agogo ankadzala chimanga popanda feteleza, pakati pake nyemba ndi maungu, kumphepete mbatata. Pamene anthu a kumtunda nkhokwe zayamba kupepuka, iwo anali akukazinga mondokwa. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera m'dimba limenelo. Ndiye pali nkhani ya ufumu: nyakwawa ikasamukira pamalo a mfumu ina imasanduka mlendo, anthu ake nawonso amakhala obwera mpaka adzukulu. Munthu amene akuwerengera zonsezi asanasamuke ndiye mukumutcha wokanika? Ine ndatopa nawo mawu oti anthu a ku Lower Shire amakhalira dala m'madzi kuti azilandira ufa wa thandizo. Amene amanena zimenezo sanagonepo m'kalasi mwana akutsegula m'mimba usiku wonse.

Tsono za Tuvalu. Ndi tizilumba 9 pakati pa nyanja ya Pacific, chakumpoto kwa Fiji. Anthu ake ndi pafupifupi 11,000 ndipo mtunda wonse ndi masikweya kilomita 26, kungoposa pang'ono chilumba cha Likoma. Malo okwera kwambiri safika mamita 5 kuchokera pamwamba pa nyanja. Iwo alibe kumtunda kothawira. Komanso madzi kumeneko sabwera ndi mafunde okha. Nthaka yake ndi ya miyala yobowokabowoka, moti nyanja ikadzaza kwambiri cha mu Febuluwale ndi Malichi, madzi amchere amatumphuka pansi, pabwalo la nyumba ngakhale pamsewu. Chakudya chawo chamakolo chotchedwa pulaka, chomera chonga koko chimene amadzala m'maenje, chimafa ndi mcherewo. Madzi akumwa amadalira a mvula osunga m'matanki, n'chifukwa chake chilala cha 2011 chinafika poti New Zealand inatumiza pa ndege makina ochotsa mchere m'madzi. Mu Malichi 2015, patangopita miyezi iwiri ife titakokololedwa, namondwe wa Pam anasamutsa pafupifupi theka la anthu a dzikolo, ndipo pachilumba cha Nui mafunde anafukula manda.

Wailesi ija inakuuzani mbali imodzi yokha. Anthuwa sakungothawa. Ku likulu lawo, Funafuti, akhala akupopa mchenga pansi pa nyanja n'kumauunjika m'mphepete mwa kachilumba ka Fongafale, ndipo pofika 2023 anali atapanga malo atsopano okwera a mahekitala pafupifupi 7. Ntchitoyi inali mbali ya pulojekiti yoteteza magombe imene inalandira madola 36 miliyoni kuchokera ku Green Climate Fund, thumba lothandiza mayiko pa kusintha kwa nyengo. Mahekitala 7 ndi ochepa, koma pamalo pomwe nyanja umaiona mbali zonse ziwiri utaima pamsewu, ndi chuma.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi chimene anachita pa pepala. Mu 2023 anasintha malamulo oyendetsera dziko n'kulembamo kuti Tuvalu idzakhalabe dziko mpaka kalekale, ndipo malire ake a panyanja sadzasuntha, ngakhale mtunda utamira. Chifukwa chake n'chomveka. Nyanja yawo ndi yaikulu kuposa Malawi yense kasanu n'kupitirira, ndipo ndalama zambiri za boma zimachokera ku ziphaso zimene sitima za mayiko ena zimagula kuti zigwire nsomba za tuna. Malire a panyanja amayezedwa kuchokera pagombe, ndiye gombe likamira wina akhoza kunena kuti nyanjayo ilibe mwini. Limeneli ndi funso la agogo anga lija: ndikachoka, dimba likhala la yani?

Atakonza zimenezo ndi pamene anasaina pangano la Falepili Union ndi Australia, mu Novembala 2023. Panganolo limalola anthu 280 pachaka kukakhala, kukagwira ntchito ndi kukaphunzira ku Australia, ndipo ali ndi ufulu wobwerera kwawo nthawi ina iliyonse. M'pangano lomwelo Australia inavomereza kuti Tuvalu idzakhalabe dziko ngakhale nyanja ikwere. Maere oyamba atatsegulidwa mu 2025, analembetsa anthu oposa theka la dziko lonse. Ena anaona ngati anthu ataya mtima ndi kwawo. Ine ndikuti munthu amalimba mtima kutuluka akadziwa kuti chitseko sachikhoma kumbuyo kwake.

Ndipo si zachilendo kwa iwo. Mu 1946 anthu a pachilumba cha Vaitupu anasonkha ndalama n'kugula chilumba cha Kioa ku Fiji. Ena anapita, ena anatsala, ndipo mpaka lero a ku Kioa amalankhula chinenero cha kwawo. Anzawo a ku Kiribati anayesa njira yofanana mu 2014, pamene pulezidenti Anote Tong anagula malo pachilumba cha Vanua Levu ku Fiji komweko, koma amene anamulowa m'malo, Taneti Maamau, anasankha zolimbikira kukhala pomwepo. Mukuona kuti ngakhale atsogoleri a mayiko amakangana mkangano womwe uli pakati pa inu ndi bambo anu.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti bambo agonebe m'mbali mwa mtsinje. Freddy mu Malichi 2023 anatipha ndi kutisowetsa anthu oposa 1,000, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Madzi a masiku ano si amene makolo ankawadziwa. Kwathu chimene chinathandiza n'chakuti amalume anakakambirana ndi mfumu ya kumtunda ija, anapatsidwa kamalo pamaso pa mboni, n'kumanga nyumba ya njerwa zootcha. Mvula ikayamba agogo ankakwera, ikatha ankatsikira kudimba n'kumagona m'chisakasa. Analola chifukwa palibe anawauza kuti atsanzike dimbalo.

Nkhani ya ndalama

Apa ndiye pamandikwiyitsa. Tuvalu utsi wake suoneka n'komwe pa sikelo ya dziko lapansi, monganso Malawi, ndipo mayiko awiriwa ali m'gulu limodzi la mayiko osaukitsitsa pa zokambirana za kusintha kwa nyengo. Australia, imene ikupereka ziphaso 280 zija, ndi imodzi mwa mayiko ogulitsa malasha ochuluka kwambiri kunja. Panganolo lilinso ndi mfundo yakuti Tuvalu izigwirizana kaye ndi Australia isanapange mgwirizano wa zachitetezo ndi dziko lina. Ndiye tisamazitche chifundo. Thumba lolipirira zowonongeka chifukwa cha kusintha kwa nyengo linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, mu 2022, ndipo ku Dubai mu 2023 mayiko analonjezamo madola pafupifupi 700 miliyoni. Freddy yekha, m'Malawi mokha, anawononga zinthu zoposa madola 500 miliyoni. Werengani nokha.

N'chifukwa chake Simon Kofe, amene anali nduna ya ku Tuvalu yoona za ubale ndi mayiko ena, analankhula kudzera pa kanema ku msonkhano wa zanyengo wa ku Glasgow mu 2021 atavala suti, madzi a m'nyanja akulekeza m'maondo. Chaka chotsatira analengeza kuti ayamba kusunga dziko lawo pa kompyuta: mapu a zilumba, zikalata za boma, nyimbo ndi mbiri. Anthu ena anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndikudziwa mabanja amene madzi anawatengera ziphaso za umzika, mabuku a kusikelo ndi masatifiketi a ana usiku umodzi. Ndipo mu Julayi 2025 khoti lalikulu la dziko lonse ku The Hague, pa nkhani imene Vanuatu inatsogolera, linanena kuti dziko silisiya kukhala dziko chabe chifukwa mtunda wake watayika. Tizilumba ting'onoting'ono tinakoka dziko lonse mpaka kukhoti, pamene ife timakumbukira za madzi osefukira mitambo ikada.

Tsono inu achemwali, musapite kwanu ndi mawu oti "samukani". Khalani nawo pansi bambo muwafunse chimene akuopa kutaya. Ngati ndi munda, pitani nawo kwa amfumu ndi akuluakulu a banja zikamveke pamaso pa mboni kuti mundawo ndi wawobe, ndipo zilembedwe. Malo a kumtunda nawonso akhale ndi kalata. Yambani ndi chipinda chimodzi chogonamo nthawi ya mvula, mbewu ndi mbuzi zizikwera msanga, ndipo zikalata zonse za pakhomo muzijambule pa foni yanu muzisunge ku Blantyre.