Pakamwa Papindika, Miyendo Yafa: Kodi Ndi Matenda Amodzi?

FUNSO: Adokotala, bambo anga a zaka 63 anagwa m'munda wa thonje mwezi watha. Titawadzutsa tinaona kuti pakamwa papindikira mbali imodzi, dovu likutuluka, dzanja lamanja lili lende, ndipo ankayankhula ngati munthu woledzera. Patatha ola limodzi anapeza bwino, choncho tinangoti ndi dzuwa la kuno ku Chigwa. Mnyamata wina m'mudzi mwathu anagwa pa ngolo, miyendo yonse iwiri n'kufa, koma amayankhula bwinobwino. Kodi ndi matenda amodzi?
Wowerenga wa ku Ngabu

YANKHO: Ndiyambe ndi bambo anu, chifukwa nkhani yawo yandidetsa nkhawa. Zimene mwafotokozazi si za dzuwa ayi, ndi zizindikiro za sitiroko, matenda amene amadza pamene mtsempha wopititsa magazi ku ubongo watsekeka kapena waphulika. Mbali ya kumanzere ya ubongo ndi imene imayendetsa mbali ya kumanja ya thupi, ndipo mwa anthu ambiri ndi imenenso imayendetsa kuyankhula, n'chifukwa chake dzanja lamanja ndi lilime zinafookera limodzi. Zizindikiro zikatha zokha chonchi, ndiye kuti mtsempha unatsekeka kwa kanthawi n'kutsekukanso, ndipo ili ndi chenjezo lakuti sitiroko yaikulu ikhoza kutsatira. Chonde apititseni kuchipatala popanda kudikira, akawayeze kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kagundidwe ka mtima. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikupweteka paliponse, ndipo ambiri amakuzindikira ziwalo zitafa kale.

Zikadzachitikanso, auzeni kuti amwetulire, akweze manja onse awiri, anenenso dzina la mudzi wawo. Tsaya limodzi likagwa, dzanja limodzi likatsika lokha, kapena mawu akamatuluka mosokonekera, nyamukani nthawi yomweyo. Ena amadwala mutu waukulu mwadzidzidzi, ena amaona mdima diso limodzi, ena amadzandira. Musawamwetse madzi, phala kapena mankhwala, popeza kumeza kumavuta ndipo zakumwazo zingalowe m'mapapo. Aspirin nayenso dikirani kaye, chifukwa ngati mtsempha waphulika amawonjezera kutaya magazi. Agonekeni cham'mbali, ndipo kumbukirani nthawi imene zinayambira kuti mukauze achipatala. Ndikudziwa kuti zotere zikagwa ena amathamangira kunena za ufiti, koma maola otayika pokafunsira kwina ndi amene ubongo umawonongeka. Chipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje chingawatumize ku Queen Elizabeth mu Blantyre ngati pakufunika kujambula mutu.

Mnyamatayo vuto lake ndi lina. M'kati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu wonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi, ndipo ukavulala, ziwalo za m'munsi mwa povulalapo zimafa, kawirikawiri mbali zonse ziwiri, pamene nkhope ndi mawu zimakhala bwino. Mukamutsina pamwendo samva, mkodzo umatsekeka kapena kutuluka wokha, chimbudzinso chimodzimodzi. Povulala pakakhala pakhosi, manja nawonso amafa ndipo kupuma kumavuta.

Apa cholakwika chachikulu chimachitika ponyamula. Munthu wogwa pa ngolo, pa kabaza kapena mumtengo wa mango, amene akudandaula khosi kapena msana, musamukhazike tsonga, musamubereke, ndiponso musamukweze pa njinga yamoto. Anthu anayi kapena kuposerapo amunyamule pamodzi, wina atagwira mutu kuti usatembenuke, amugoneke chagada pa chitseko n'kupita naye kuchipatala. Pamene akugona kunyumba, muzimutembenuza maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda m'matako, makamaka ndi kutentha kwathu kuno, ndipo funsani achipatala za masewera olimbitsa ziwalo monga amene amachitika ku chipatala cha Kachere mu Blantyre.

Dziwaninso kuti miyendo ingafooke pang'onopang'ono munthu asanagwe paliponse. Msana ukamapweteka kwa miyezi, thupi likutha, thukuta likutuluka usiku, kapena pamsana patatuluka kalinunda, akayezetse chifuwa chachikulu cha m'mafupa a msana, chomwe chili ndi mankhwala ndipo chimachizika bwino miyendo isanafe.