Loweruka limodzi m'Chipata: Kanjala m'mawa, Down Shops isanatseke

Asisi, mwati inu ndi anzanu asanu amene munakulira limodzi muno m'Chipata mukumana Loweruka, ena achokera ku Lusaka ena ku Kitwe, ndipo mufuna kuzungulira tauni yanu tsiku lonse osawononga ndalama zambiri. Anthu ena akutchulirani kale za ku Mfuwe. Mfuwe isiyeni kaye. Ndi mtunda wopitirira makilomita 100, polowera m'paki ya South Luangwa pali malipiro, ndipo nyama zimaoneka bwino mbandakucha ndi chakumadzulo, nthawi imene inu mudzakhala muli pamsewu. Ulendo umenewo ndi wogona konko.

Tsiku limodzi likwana zinthu zinayi basi: phiri la Kanjala m'mawa, Down Shops dzuwa lisanafike paliwombo, nsima ya kumsika, ndi malo amodzi okha masana. Chachikulu ndi kudziwa choyamba ndi chiti. Mukayamba ndi msika, kuphiri mudzafika dzuwa litakalipa kale. Mukachedwa kuphiri, masitolo ambiri a ku Down Shops mudzawapeza otseka, pakuti Loweruka ambiri sagulitsa mpaka madzulo.

Za ndalama zithe Lachinayi. Sankhani munthu mmodzi wosunga thumba, aliyense amutumizire pa Airtel kapena MTN, ndipo iye akatape Lachisanu, osati m'mawa wa tsikulo. Apemphe ma K10 ndi ma K20 ambiri. Mayi wogulitsa vitumbuwa mukamupatsa K100 nthawi ya 07:00 adzayamba kuzungulira kwa anzake kufuna chenji, inu mutaima. Thumbalo ligawidwe patatu: zoyendera, zakudya, ndi kangachepe kobwererako ngati wina wadwala kapena mvula yakutsekerezani. Zitenje ndi nshawa zopita nazo ku Lusaka aliyense agule ndi zake, apo ayi mkangano umayambira pamenepo.

Kumanani 05:45 pamalo odziwika a mu Umodzi Highway, monga pa Shoprite, kuti 06:00 ikakwana mukhale mwauyamba wa ku Kanjala. Pagulu la anthu asanu ndi mmodzi sipalephera wochedwa, choncho uzanani kuti amene wachedwa akwere njinga akakupezeni patsinde pa phiri. Kukwera kupatseni ola limodzi ndi theka, kupuma kuli momwemo, chifukwa amene akhala zaka mu ofesi ku Lusaka mpweya udzawathera msanga kuposa mmene akuganizira. Woyenda pang'onopang'ono ndiye akhale patsogolo. Akakhala kumbuyo amathamangira anzake, amafika wefuwefu pamene iwo apuma kale, ndipo iye sapuma n'komwe.

Aliyense anyamule madzi malita awiri. Botolo la theka la lita limatha musanafike pakati. Nsapato zikhale zotseka, zomanga ndi zingwe, za mphira yogwira pansi. Mapatapata ndi nsapato zatsopano ayi: zatsopano zimatulutsa matuza kuchidendene, mapatapata amaduka potsika. Ndipo kutsika ndiye kumagwetsa anthu, osati kukwera. Timiyala tating'ono timagubuduka pansi pa phazi, munthu n'kukhala pansi mwadzidzidzi atatsamira dzanja, dzanjalo n'kubinya. Potsetsereka pondani chammbali, mawondo opinda pang'ono, manja opanda kanthu. Foni ikhale m'chikwama. Musiyane mapazi angapo kuti mwala wogumuka kwa wapamwamba usapweteke wapansi.

Nyengo nayo muiyang'ane. Kuyambira Disembala mpaka Malichi udzu umakhala wautali, njira yoterera, ndipo mukamva bingu tsikani nthawi yomweyo, osabisala pansi pa mtengo wautali. Mvula ikatha, chenjerani ndi chitedze. Nyemba zake zaubweya wofiirira zimalendewera m'tchire la m'mbali mwa njira, ndipo ubweyawo ukakugwerani musakande, chifukwa kukanda kumaulowetsa m'khungu. Vulani chovala chimene chagwidwacho, tsukani khungu ndi madzi ndi sopo. N'chifukwa chake buluku lalitali ndi malaya a manja aatali zimaposa kabudula ngakhale kutenthe. Mu Juni ndi Julayi pamwamba pamazizira m'mawa, tengani juzi. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala anthu amatentha tchire posaka mbewa, ndiye mukaona utsi kumunsi kwanu musapitirize kukwera, moto umathamanga kwambiri pokwera phiri kuposa potsika. Mu Okutobala mwenimweni muzikhala mwatsika 09:00 isanakwane.

Pamwamba khalanipo mphindi 40. Apa ndiye padyedwe kadzutsa: tiyi wa m'fulasiki, vitumbuwa, kandolo wophika dzulo lake, nthochi. Tauni yonse imaoneka ili m'chigwa, mapiri ataizinga, ndipo masewera abwino ndi oti aliyense aloze kumene anakulira, wina Kapata, wina Mchini, wina Nabvutika, Magazine kapena Kalongwezi, kenaka muone nyumba zatsopano kumene kale kunali minda. Amene achoka kalekale adzasokonezeka, ndipo nkhani zimayambira pomwepo. Mukapeza anthu akupemphera, alambalaleni mwakachetechete, sipika ya nyimbo muzimitse. Mapepala ndi mabotolo mutsike nazo. Mukhale pamodzi, wina asapatuke yekha kukajambula kuseri kwa matanthwe.

Mukatsika, lowani m'tauni wapansi ngati miyendo ikulola, mudutse cha kumaofesi a boma ndi ku Golf Club. Kumeneko ndiko kuli nyumba zina zakale za nthawi imene tauni ino inkatchedwa Fort Jameson, dzina lochokera kwa Leander Starr Jameson wa kampani ya British South Africa Company. Pano panali likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka mu 1911, pamene dzikolo linaphatikizidwa ndi North-Western Rhodesia kukhala Northern Rhodesia, likulu n'kukhala ku Livingstone. Ulemu wotchedwa mzinda Chipata inaulandira mu 2017. Tchalitchi cha Anglican cha St Paul's ndi cha Katolika cha St Anne's mungathe kuziona podutsa, koma Loweruka kumakhala maukwati ndi makwaya, ndiye pemphani kaye kwa amene mwawapeza. Maofesi a boma, polisi ndi malo a asilikali musajambule.

Ku Down Shops mufike 10:30, ndipo kupatseni maola awiri athunthu. Masitolo ambiri kumeneko ndi a mabanja a amwenye amene makolo awo anachokera ku Gujarat n'kuyamba malonda muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mzikiti waukulu uli komweko, ndipo mwa nyumba zonse za m'tauni muno ndi umene uyenera kuuima n'kuuyang'anitsitsa. Kunja muone momasuka. Kulowa n'kopempha, nsapato zimavulidwa, azimayi afunde kumutu ndi kuvala zofika kumapazi, ndipo nthawi ya mapemphero si nthawi ya alendo odzaona.

Pogula chitenje musatengeke ndi maluwa okha. Chitembenuzeni: chabwino mtundu wake umaoneka mofanana mbali zonse ziwiri, chotchipa kuseri kumakhala kotuwa. Chifinyeni pakona m'dzanja. Cha thonje chimatsala ndi makwinya, cha pulasitiki chimaterera n'kubwerera mwakale, ndipo chimenecho m'chilimwe chimawotcha thupi. Nyowetsani kansalu koyera ndi madzi a m'botolo lanu, mupukute pamphepete mwininyumba akuona. Kakatenga mtundu, dziwani kuti chidzasuluka pochapa koyamba. Kuuma kwa chitenje chatsopano kusakunamizeni, nthawi zambiri ndi sitachi chabe. Chovala m'chiuno ndi mamita awiri, koma ngati mufuna diresi ndi duku lake gulani chathunthu cha mayadi 6. Poti muli asanu ndi mmodzi, sankhani mtundu umodzi, mmodzi yekha ndiye akambe mtengo wa zonse pamodzi. Mukamalankhula nonse nthawi imodzi, wogulitsa amamva amene wachikonda kwambiri n'kuumirira pamtengo. Atelala ali m'makonde momwemo. Mpendero amasoka mukudikira, koma diresi musalonjezedwe kuti litha lero. Siyani miyeso ndi theka la ndalama, wokhala konkuno adzatenge mkati mwa sabata.

Kuchoka apo kupita kumsika wa Kapata kapena ku Saturday Market, kwerani njinga. Chipata ndi tauni ya njinga kuyambira kale, paja njinga za Eagle zinkapangidwa konkuno ku Luangwa Industries. Mtengo mugwirizane musanakwere, ndipo mutchule polowera penipeni pamene mukatsikire, chifukwa msika ndi waukulu ndipo gulu limamwazikana aliyense akatsitsidwa pake. Wovala chitenje kapena siketi yaitali aikulunge n'kuipana pakati pa mawondo. Nsonga yolendewera imakodwa m'masipoko a gudumu lakumbuyo, ndipo ngozi zambiri za panjinga zimayamba motero. Panjinga yamoto akwere munthu mmodzi, apemphe chisoti, ndipo atsikire kumanzere, pakuti kumanja kuli paipi ya utsi imene imawotcha katumba.

Nsima idyedwe 13:00. Posankha podyera musayang'ane chikwangwani, yang'anani pamene padzaza oyendetsa njinga ndi amalonda a mumsika momwemo, chifukwa pamenepo mphika sukhalitsa. Ndiwo zikhale zotentha, zochokera pamoto inu mukuona. Nyama yofunda chabe imene yakhala m'poto kuyambira m'mawa ndiyo imatsegula m'mimba. M'malo moti aliyense aitanitse mbale yake, itanitsani ndiwo zosiyanasiyana muike pakati: nkhuku yachikuda, nsomba youma, kapenta, chiwawa chotendera, delele, nyemba. Madzi osamba m'manja akhale othira kuchokera m'jagi, ndi sopo, osati beseni limodzi loviikamo onse. Nthawi ya mvula, pamene kolera amavuta, imwani madzi a m'botolo lotseka ndipo zosaphika muzipewe. Munkhoyo ndi thobwa mulawe kaye pang'ono musanagule botolo lonse. Wa lero amatsekemera, wogonera masiku amawawasa ndipo ena amawazunguza mutu padzuwa.

Nshawa mugule mutatha kudya, kuti musazinyamule tsiku lonse. Chalimbana ndi zija zikuluzikulu, zabwino kukazinga ndi kusinja. Pisani dzanja mpaka pansi pa thumba, musaone zapamwamba zokha. Luma imodzi: youma bwino imathetheka, yonyowa imafewa ndipo idzachita nkhungu m'thumba musanafike ku Luangwa Bridge. Zofota, zakuda ndi zowawa zikachuluka zisiyeni ngakhale mtengo utsike, chifukwa chuku cha nshawa chili ndi poizoni wowononga chiwindi amene satha ndi kukazinga. Meda yoyezera muiyang'ane kunsi, ina imakhala yophwanyidwira m'kati. Zikathiridwa, zinyamulidwe m'thumba la saka, osati m'pulasitiki yomanga. Mpunga wa ku Chama umadziwika ndi fungo, nunkhizani m'dzanja. Mbewa zimapezeka chilimwe anthu atakolola, ndipo amene akuzisowa ku Kitwe asankhe zouma gwa, zosanunkha chivundi.

Masana sankhani chimodzi, ndipo apa ife tinganene Feni. Kumeneko ndi kwa Nkosi yama Nkosi Mpezeni, ku Ephendukeni, ndipo kuli nyumba yosungiramo mbiri ya Angoni yotchedwa Nsingo Community Museum. Nsingo anali mwana wa Mpezeni woyamba, ndiye anatsogolera impi polimbana ndi asilikali a azungu mu 1898, ndipo atagwidwa anaphedwa. Ambiri obadwira muno amadziwa mwambo wa Nc'wala ndi ingoma, koma za ulendo wa Zwangendaba wowoloka Zambezi mu 1835 anazisiya m'mabuku a kusukulu. Tumizani mawu kwa oyang'anira pofika Lachinayi kuti adzakudikireni. Pitani pa takisi imodzi kapena ziwiri zobwereka, mtengo wa kupita, kudikira ndi kubwerera ukambidwe pamodzi, ndipo theka mulipire pobwerera. Mukalipira zonse poyamba, woyendetsa amapita kukanyamula ena inu n'kutsala mukuimba foni. Azimayi avale zitenje zija mwagula, abambo avule zipewa. Kunyumba ya mfumu salowa ngati pamsika, mumadzera kwa nduna, ndipo kujambula n'kopempha. Chitupa cha unzika cha NRC aliyense akhale nacho m'thumba, popeza njira imeneyo ndi yolowera kumalire a Mwami.

Ngati miyendo yakana, njira yapafupi ndi kumvetsera Breeze FM kapena Radio Maria mkati mwa sabata kuti mudziwe ngati ku David Kaunda Stadium kuli mpira. Kusiteshoni ya sitima, kumene njanji yochokera ku Mchinji inafika mu 2010, mphindi 15 zikwana. Kudamu la Lutembwe kumakoma dzuwa likapendeka, koma madzi amenewo ndi amene tauni imamwa, choncho pemphani chilolezo kwa olondera, ndipo kusambira ayi: madzi oima amakhala ndi likodzo, pansi pake ndi matope omiza phazi.

Masiku awiri awa muwapewe ngati cholinga ndi kuyenda mwaphee. Loweruka lomaliza la Febuluwale ndi Nc'wala ku Mtenguleni, Great East Road imadzaza ndipo takisi zimakwera mtengo. Loweruka lomaliza la Ogasiti ndi Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, ku Katete, magalimoto ambiri amathamangira kumeneko.

Ku Feni munyamuke 16:30 kuti 17:30 ikupezeni m'tauni. Kuno mdima sukhalira kugwa, ndipo njinga zambiri zilibe nyale. Michopo ndi zoziziritsa kukhosi zikhale pamalo amodzi apafupi ndi kumene ambiri akugona, wosunga thumba awerenge zotsala onse akuona, ndipo okwera basi ya ku Lusaka m'mawa wa Lamulungu akhale atagula matikiti Lachisanu, chifukwa mabasi oyamba amanyamuka kusanache.