Kodi ng'oma za kumadzulo kwa Africa zimayimba nyimbo?

FUNSO: Ndinaonera pa intaneti oomba ng'oma a ku Senegal, aliyense ali ndi kamtengo kudzanja limodzi, kwinaku akuomba ndi chikhatho. Mnzanga woyimba piyano akuti ng'oma ilibe nyimbo, ntchito yake ndi kusunga liwiro la gule basi. Kodi akunena zoona? — Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Mnzanuyo sakulondola, ngakhale kuti n'zoona kuti ng'omazi sazichuna potsata mawu a piyano. Zimene munaonazo ziyenera kukhala sabar, ng'oma za anthu a mtundu wa Wolof, zomwe katswiri woomba ng'oma wa ku Senegal, Doudou N'Diaye Rose, amene anamwalira mu 2015, anazitchukitsa padziko lonse. Chikopa cha ng'omazi, chomwe chimakhala cha mbuzi, amachikunga ndi zingwe zokoledwa ku zikhomo zamtengo, ndipo akakhomerera zikhomozo chikopa chimalimba, liwu n'kukwera. Chimene khutu la mmisiri limafuna ndi kutalikirana kwa mawu pakati pa ng'oma ina ndi inzake: nder, yaitali ija, ilire pamwamba, ndipo lamb, yotseka kunsi, igunde pansi, kuti zikamalandizana pamveke mawu okwera ndi otsika amene munthu angathe kuwang'ung'udza.

Ubwino wa dzanja ndi kamtengo uli poti ng'oma imodzi imatulutsa mawu angapo. Kamtengo kakamenya chikopa chomasuka, liwu limatuluka lonse, koma zala zikayamba zatsindika chikopacho, kamtengo komweko kamatulutsa liwu lalifupi ndi lokwera. Umu ndi mmenenso anthu a mtundu wa Ewe ku Ghana amaombera atsimevu, ng'oma yotsogolera, pamene sogo, kidi ndi kagan zimayankha, iliyonse ndi liwu lokwererapo kuposa inzake.

Umboni wosatsutsika ndi dundun, ng'oma ya Ayoruba ku Nigeria. Zikopa zake ziwiri n'zolumikizidwa ndi zingwe, ndipo woomba akafinya zingwezo liwu limakwera, akamasula limatsika, moti amatsanzira mawu atatu a chilankhulo chawo, otsika, apakati ndi okwera, mpaka omvera kuzindikira dzina la munthu amene akutamandidwa.

Kuno kwathu nzeruyi siyachilendo, pakuti amene amawamba ng'oma pamoto gule asanayambe, kapena kumata phula pakati pa chikopa kuti liwu litsike, akuchuna. Mukamvetseranso sabar, tsatirani ng'oma imodzi yokha ndipo yesani kuyimba pakamwa zimene ikunena.