Yankho kwa mayi a ku Turffontein: kuphika seafood boil ya anthu 15 muno mu Johannesburg

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena okhala ku Turffontein, omwe mwezi uno ndi gawo lawo lolandira anzawo a m'gulu la chipereganyu. Akuti kudzabwera anthu 15, ambiri a kwathu ku Mangochi, Zomba ndi Mulanje, ndipo m'malo mootcha nyama monga amachitira masiku onse, akufuna kuphika seafood boil, za m'nyanja zowiritsa m'poto mmodzi, yomwe akhala akuiona pa TikTok, ija amaikhuthulira pathebulo anthu n'kumadya ndi manja. Akufunsa zoti agule ndi kokagula, kaphikidwe koti ma prawn (tinyama ta m'nyanja ta zigoba) asalimbe, komanso ngati Amalawi angachoke atakhuta popanda nsima.

Mayi, zikomo polemba. Chakudyachi chinachokera kum'mwera kwa dziko la America. Ku Louisiana amawiritsa crawfish, tinyama ta m'madzi tonga nkhanu, ndipo ku South Carolina amawiritsa ma prawn pamodzi ndi chimanga, mbatatesi ndi soseji, n'kumachitcha Frogmore stew potengera dzina la dera lina la pa chilumba cha St. Helena. Anthu amenewo amakhala m'mphepete mwa madzi ndipo zinthuzi amazipeza zongovuula kumene. Ife tili makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Durban, pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,750, ndipo zinthu ziwirizi zimasintha kagulidwe ndi kaphikidwe komwe. N'chifukwa chake mphindi zomwe mukuzimva m'mavidiyo simungazitsatire ndendende pakhomo panu.

Musanapite kokagula, funsani alendo anu mmodzimmodzi zomwe sadya. Pagulu la Amalawi 15 sipalephera kupezeka wa mpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo iwo sadya za m'madzi zopanda mamba ndi zipsepse, monga mmene zalembedwera pa Levitiko 11, kutanthauza kuti ma prawn, nkhanu ndi ma mussel (tinyama ta m'nyanja tokhala m'zigoba ziwiri) zonse n'zosadyeka kwa iwo. Popeza mwatchula Mangochi, mwinanso muli ndi Asilamu, ndipo soseji ya nkhumba ikangolowa m'poto ndiye kuti poto yense wawadetsera. Palinso ena omwe thupi lawo limadana ndi zakudya za zigoba, moti amatupa milomo, kutuluka zidzolo kapena kubanika, ndipo ambiri a ife sitinakule tikudya zimenezi, choncho munthu akhoza kukhala ndi vutoli asakudziwa. Wina akayamba kubanika kapena kutupa kukhosi, muthamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo. Onsewa muwakonzere poto wawo wa nkhuku kapena nsomba ya hake, wokhala ndi zokometsera zomwezo koma madzi ake ndi chipande chake.

Tsono za kugula. Za m'nyanja zambiri muno zimafika zili zouma ndi ayezi, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo, chifukwa prawn yomwe anaiumitsa atangoigwira imaposa yomwe yagona masiku angapo pa ayezi wa m'sitolo n'kumatchedwa yatsopano. Muli ndi mwayi kuti mukukhala kufupi ndi Rosettenville ndi La Rochelle, madera omwe kwa zaka zambiri mwakhala Apwitikizi ndi anthu a ku Mozambique, omwe amadziwa bwino ma prawn. Masitolo akuluakulu monga Makro ndi Food Lover's Market amagulitsanso a m'mabokosi, ndipo nkhanu mukhoza kukaziyang'ana ku Cyrildene mumsewu wa Derrick Avenue, komwe kuli masitolo a Matchaina. Pabokosi la ma prawn mudzaona manambala monga 16/20 kapena 21/25, ndipo nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti ma prawn ake ndi akuluakulu. Ine ndimasankha apakati, chifukwa akuluakulu amadula kwambiri ndipo pagulu amatha anthu ena asanatambasule dzanja. Muwerengenso kulemera kwake ayezi atachotsedwa, popeza gawo lina la bokosilo ndi madzi oundana omwe amawakutira. Mugule okhala ndi zigoba, ngakhale ndi mitu yomwe, chifukwa chigoba chimateteza mnofu ku moto ndipo mutu ndi umene umakometsa msuzi.

Kwa anthu 15, ma prawn okwana makilogalamu 4 ndi ma mussel makilogalamu 2 akwanira, ndipo nkhanu ndi zongowonjezera ngati thumba likulola. Ma mussel ambiri a m'dziko lino amawetedwa ku Saldanha Bay, ndi otsikirapo mtengo, ndipo amathandiza kuti thebulo lioneke lodzaza. Wina akakutsatsani kreef (lobster, nyama ya m'nyanja yonga prawn yaikulu) wa ku West Coast pamtengo wokoma kumbuyo kwa galimoto, mukane. Nyama imeneyi inachepa kwambiri m'nyanja, ndipo SASSI, ndondomeko ya bungwe la WWF yomwe imaika za m'nyanja m'magulu obiriwira, achikasu chofiirira ndi ofiira, inaiika pagulu lofiira. Ndalama zambiri zidzathera pa ma prawn, ndipo sindikuona cholakwika kupempha anzanu kuti asonkherane, poti m'gulu lanu kusonkha si nkhani yachilendo.

Zotsalazo n'zosavuta: mbatatesi zing'onozing'ono makilogalamu 3, zisononkho 10 za chimanga zodula patatu, soseji kilogalamu imodzi ndi theka, mazira 15, anyezi anayi, mitu inayi ya adyo, mandimu asanu ndi atatu, ndi batala magalamu 750. Zamasamba zimatsika mtengo ku Joburg Market ku City Deep ngati mungalawirire m'mamawa. Soseji ikhale yofukiza utsi monga ma Russian. Boerewors musaiyese, chifukwa ndi yaiwisi, imaphulika m'madzi ndi kusiya mafuta oyandama pamwamba. Chouriço ya Apwitikizi imakoma kwambiri m'potomu koma ndi ya nkhumba, choncho ngati pali Asilamu mupite ku Fordsburg kapena ku Mayfair mukagule ya ng'ombe ya halaal, ndipo komweko mudzapezanso zokometsera pamtengo wabwino. M'mavidiyo amatchula kwambiri Old Bay, zokometsera zosakaniza za ku Baltimore ku America, koma mukhoza kusakaniza nokha paprika, cayenne, tsabola wakuda, njere za mpiru, coriander, thyme ndi masamba a bay.

Nkhani yaikulu ndi moto, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. M'mphepete mwa nyanja madzi amawira pa madigiri 100, koma muno mu Johannesburg, chifukwa cha kukwera kwa malo, amawira pa madigiri pafupifupi 94, ndipo ngakhale musonkhezere chotani sangatenthe kuposa pamenepo. Zotsatira zake n'zakuti mbatatesi zimachedwa kupsa kusiyana ndi mmene ophika a ku Louisiana amanenera, pomwe ma prawn amapsa msanga ndithu, chifukwa mnofu wake sufuna kutentha kwambiri. Amene atsatira mphindi za pavidiyo amaponya ma prawn mbatatesi zikadali zolimba m'kati, kenaka n'kumadikira kuti mbatatesizo zifewe, ndipo pofika nthawi imeneyo ma prawn aja afota n'kusanduka mphira. Lamulo lake ndi lakuti za m'nyanja zisalowe m'poto mpaka mpeni utalowa m'mbatatesi mosavuta.

Mudzafunika poto wa malita 40, ngati aja timabwereka pa ukwati kapena pa maliro, kapenanso mapoto awiri a malita 20. Chitofu cha magetsi cha m'nyumba chikhoza kutenga ola lathunthu kuti chiwiritse malita 15 a madzi, ndipo mukangoponyamo zinthu zozizira chimalephera kubwezeretsa chithupsa. Mubwereke chitofu cha gasi cha miyendo itatu ndi silinda ya makilogalamu 9 yodzaza, muphikire panja, pamalo osalala ndi otchingika ku mphepo, kutali ndi pomwe ana akuthamanga. Ngati ndi miyezi ya mvula, kumbukirani kuti mabingu a kuno amakonda kugwa chakumadzulo, choncho mukonze zoti anthu adye masana.

Ma prawn muwatsitse mufiriji ya m'munsi usiku woti mawa lake muphika kuti asungunuke pang'onopang'ono. Mukaiwala, muwaike m'thumba la pulasitiki lomanga bwino n'kuwamiza m'madzi ozizira, osati otentha. Akasungunuka, mutenge sizasi mudule chigoba kumsana kuchokera kumutu mpaka kumchira, n'kusolola kamtsempha kakuda kaja, komwe kwenikweni ndi thumbo ndipo nthawi zina kamakhala ndi mchenga. Ntchito imeneyi pa makilogalamu 4 ndi yotopetsa, choncho muitane anzanu awiri adzakuthandizeni m'mawa. Kudula kumsanako kumathandizanso kuti msuzi ulowe m'kati ndi kuti alendo asavutike posenda.

M'malita 15 a madzi muthire mchere magalamu pafupifupi 300, anyezi wodula pakati, mitu iwiri ya adyo, mandimu anayi ofinyira momwemo n'kuponyamo makoko ake, ndi kapu imodzi ndi theka ya zokometsera zija. Ngati zokometsera zanu n'zogula zosakaniza kale ndi mchere, muchepetse wanuwo. Zibwate kwa mphindi 15 musanaikemo kanthu, kenaka mulawe. Madziwo azimveka owawa mchere kuposa msuzi wa ndiwo, chifukwa zomwe zikulowamo zili ndi zigoba ndi makoko, ndipo zimangotenga pang'ono.

Ziyambe ndi mbatatesi, ndipo muzipatse mphindi 20 kapena 25, mukuzibaya ndi mpeni. Ngati mwagula chimanga chachiwisi choyera chonga cha kwathu, chija amagulitsa m'mbali mwa msewu nthawi ya dzinja, chilowe limodzi ndi mbatatesi kapena chitsogole kumene, chifukwa n'cholimba, ndipo ine ndimachikonda kuposa chachikasu poti chimagwira m'mimba. Sweetcorn wachikasu amangofuna mphindi zisanu ndi zitatu, choncho alowe limodzi ndi soseji pamene mbatatesi zatsala pang'ono. Nkhanu zaziwisi zilowenso nthawi yomweyo, zipse mphindi 10. Mazira muwawiritse padera, muwasende, ndipo muwaponyemo chakumapeto kuti angotenga mtundu ndi kukoma. Ma mussel a chigoba chimodzi omwe amagulitsidwa ouma ndi ayezi kawirikawiri amakhala ophikaphika kale, moti mphindi zitatu zimakwana. Ngati mwapeza amoyo, mutaye aliyense wosweka kapena yemwe sakutseka mukamugogoda, ndipo ataphikidwa mutayenso omwe akana kutseguka.

Ma prawn ndiwo omaliza. Muwaponye madzi akubwata, muvundule kamodzi, ndipo pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu muzimitse moto. Ndikudziwa kuti mtima udzakana, chifukwa ife tinaleredwa kuti nsomba izibwata mpaka msuzi utagwira, koma apa muugwire mtimawo. Muvuule imodzi muione: ikafiira, mnofu n'kuyera mpaka m'kati, thupi n'kupindika pang'ono ngati chilembo C, ndiye kuti yapsa, koma ikadzikulunga mpaka mchira kugunda mutu ndiye kuti yapsereza. Ma prawn ofiira a ku Argentina, omwe ndi ofala m'masitolo muno, amaoneka ofiira akadali aawisi ndipo amapsa mofulumira koposa, choncho pa iwo muziyang'ana mnofu, osati chigoba. Moto utazima, musiye zonse m'madzimo mphindi zisanu mpaka 10 kuti zimwe msuzi. Ophika a ku Louisiana ena amathiramo ayezi pa nthawi imeneyi kuti kupsa kuime, ndipo thumba limodzi la ayezi pa poto wamkulu chotere limathandiza.

Pamene poto akubwata, wina asungunule batala pamoto wochepa, akazingiremo adyo wotsala wosinja osamupsereza, athire paprika, madzi a mandimu awiri ndi makapu awiri a msuzi wa m'poto. Tsabola musachulutse m'poto wamkulu, chifukwa pali ana ndi ena osapirira. Batalayo mumugawe pawiri, ndipo mbale imodzi muikemo kambuzi wosinja kapena Nali ngati muli ndi botolo lomwe linabwera pa basi.

Poto wodzaza madzi otentha musamunyamule kuti mukakhuthule. Muvuule zonse ndi sefa yaikulu ya chogwirira n'kuika m'mabeseni oyera, muthire batala, mutembenuze, kenaka mukhuthulire pathebulo loyalidwa pulasitiki ndi mapepala oyera pamwamba. Pakhale ndowa ya zigoba, madzi osamba m'manja ndi mandimu otsala aja odula. Inu monga mwinikhomo musende prawn yoyamba anthu akuona, kupotokola mutu, kutsegula chigoba kumsana ndi kukoka mchira, chifukwa ena adzachita manyazi kufunsa ndipo adzangodya mbatatesi zokha. Akuluakulu muwapakulire m'mbale zawo poyamba, popeza si onse angamasuke kulimbirana pathebulo ndi achinyamata.

Pa funso la nsima, yankho langa ndi lakuti muphike. Mbatatesi ndi chimanga n'zokhutitsa ndithu, koma sipadzalephera bambo wina wonena kuti wangolawa ndiwo, ndipo poto mmodzi wa nsima sakuonongerani kanthu. Msuzi wa batala ndi adyo uja umayenda bwino ndi nsima kuposa mmene mungaganizire, ndipo a poto wa nkhuku nawonso adzaifuna.

Zotsala zisakhale panja kupitirira maola awiri, makamaka kukatentha. Muzilowetse mufiriji ndipo zidyedwe mawa lake. Zigoba ndi mitu muzimange m'thumba n'kuziumitsa mufiriji mpaka tsiku lomwe galimoto ya zinyalala imadutsa, chifukwa zikagona m'bini masiku awiri, anansi anu a pa yadi adzabwera kudzadandaula za fungo.