FUNSANI AMALUME: Mwana watalika ngati mlongoti, asiye sukulu chifukwa cha basiketi?

Mwezi uno mwandidabwitsa abale anga, ine ndimadikira mafunso a bola ngati masiku onse, za Chipolopolo ndi matimu a ku Mangalande, koma pa WhatsApp pangodzaza za basiketi, mpira uja woponya m'kamphete, ndipo dzina limodzi lomweli, la Dikembe Mutombo, likungobwerabwera. Ndasankhapo ochepa, mayina ndachotsa monga timachitira.

FUNSO: Amalume, ine ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa matimati ndi repu pa msika wa Kapata muno mu Chipata. Mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka 16 koma kutalika kwake ndi zina, polowa m'nyumba amachita kuwerama, nsapato zake ngakhale mu salaula sizipezeka. Manje wayamba mpira uja woponya m'kamphete, akaweruka ku sukulu sabwera kunyumba mpaka mdima, mabuku sagwiranso. Ndikamukalipira akuti iye adzakhala ngati Mutombo ndiye sukulu ilibe ntchito. Mutombo ameneyu ndani kodi, ndi zoona kuti sanaphunzire? Mayi wa ku Kapata.

YANKHO: Amayi pepani ndi nkhawa yanuyo, koma ndaseka pang'ono powerenga chifukwa mwana wanu waitana mboni yolakwika pa mlandu wake. Akanatchula wina mwina tikanakanganako, koma Mutombo? Ameneyo aikira kumbuyo inuyo.

Dikembe Mutombo anabadwira ku Kinshasa kwa aneba athu a ku Congo pa 25 June 1966, bambo ake anali ahedi a sukulu, ndiye mwaona kale nyumba imene anakuliramo. Basiketi anaiyamba mochedwa ali msinkhu ngati wa mwana wanuyu, a kwawo ndi amene anamukankhira poona mmene akutalikira. Ku America anapita mu 1987 ali ndi zaka 21, ndipo chimene chinamukweza ndege inali skolashipu ya maphunziro ya USAID, limene linali bungwe la chithandizo la boma la America, kupita ku Georgetown University mu mzinda wa Washington, maganizo ake onse ali oti adzakhale dokotala abwerere kwawo azikachiritsa anthu. Chizungu sankachidziwa bwino, kwawo anakulira mu Chifalansa, Chilingala ndi Chiluba, moti chaka choyamba chinatha akulimbana ndi chilankhulo ndi mabuku osasewerera timu ya sukulu.

Koma munthu wa mamita 2.18 simungamubise pa kampasi. Kochi wa Georgetown, John Thompson, amenenso anali chimunthu chachitali chosaseka ndi ana aulesi m'kalasi, anamuika mu timu ndipo kumeneko anakakumana ndi wosewera mnzake Alonzo Mourning, awiriwa akaima pansi pa ring'i adani ankangoti tiponyere patali basi. Gemu ina yake mu 1989 polimbana ndi St. John's, Mutombo yekha anatchinga mashoti 12. Udokotala uja sunatheke zoona, anasintha n'kuphunzira za zilankhulo ndi ukazembe, koma digiri anatenga mu 1991 asanalandire ngakhale dola imodzi ya NBA, ligi yaikulu ya basiketi ku America, ndipo munthuyu ankalankhula zilankhulo 9. Ine ndi Chinyanja, Chizungu ndi ka Chibemba kogulira zinthu ku Lusaka ndimadziona ngati profesa.

Chaka chomwecho cha 1991 timu ya Denver Nuggets inamutenga pa nambala 4 pa draft, mwambo umene matimu a NBA amasankhira osewera atsopano, ali ndi zaka 25, pomwe nthawi imeneyo anzake ambiri ankalowa ali ndi 21 kapena 22. Anasewera masizoni 18 mpaka zaka 42.

Ndiye muuzeni mwanayo kuti chitseko chimene Mutombo analowera ndi cha kalasi, ndipo mpaka lero ma koleji a ku America satenga wosewera opanda kuona ma rizauti ake a ku sekondale, ngakhale atatalika kufika pa denga. Koma nanunso amayi musamulande mpira kapena kumutsekera m'nyumba, mwana wamtali chonchi anzake amamuseka kuyambira ali ku pulayimale, mlongoti, nyamalikiti, kaya chiyani, ndiye akapeza malo amodzi amene kutalika kwake kumamupatsa ulemu musamuchotsepo mwankhanza. Pitani mukaonane ndi aphunzitsi a zamasewera pa sukulu yake, mugwirizane atatu kuti ku koti azipita masiku akuti akuti, ndipo ripoti ikabwera yoipa mpira ukupuma temu yonse. Nsima muziphika yambiri, thupi limenelo likumanga.

FUNSO: Amalume mumamutamanda Mutombo koma ine ndaona pa YouTube, munthuyu sankamwetsa kwenikweni, chikho cha NBA sanatengepo, amangogwedeza chala. Ukatswiri wake uli pati? Mnyamata wa ku Katete.

YANKHO: Mphwanga, iwe ndiwe m'modzi wa aja amaonera ma highlights a mphindi ziwiri bandulo isanathe n'kumati ndaidziwa gemu. Ndikufunse, mu 2012 ku Libreville pamene tinathira Ivory Coast pa mapenate 8-7 gemu itatha 0-0, amene anatisunga mphindi 120 zija ndani? Si Kennedy Mweene ndi anyamata a kumbuyo? Basiketi nayonso ili ndi anthu otere amene ntchito yawo ndi kukaniza.

Mutombo anali senta, ndipo ntchito yake inali kuimenya khofi bola isanafike pa ring'i ndi kutola ma rebound, bola zija zobwerera shoti ikaphonya. Pa moyo wake wonse mu NBA anatchinga mashoti 3,289. Mphotho ya woteteza bwino kuposa onse mu ligi anaitenga kanayi, 1995, 1997, 1998 ndi 2001, ndipo ku All-Star, gemu ya akatswiri okhaokha a mu ligi, anasankhidwa ka 8, koyamba m'chaka chake choyamba chomwe. Ndipo zimene manambala sakuuza ndi mashoti amene anthu sanaponye n'komwe chifukwa cha mantha, munthu akubwera pa liwiro akaona mikono ija akhotera kumbali n'kupasa mnzake, zimenezo palibe amazilemba.

Ukafuna kumudziwa fufuza ma playoffs a 1994, magemu aja olimbirana chikho kumapeto kwa sizoni. Denver inalowa ngati timu yomaliza, nambala 8, kukakumana ndi Seattle SuperSonics ya Gary Payton ndi Shawn Kemp imene inali nambala 1 itapambana magemu 63 sizoni imeneyo. Seattle inatenga magemu awiri oyamba, kutsala imodzi chabe kuti Denver ilongedze zikwama, aliyense anati nkhani yatha. Denver inapambana atatu otsatizana, Mutombo atatchinga mashoti 31 m'magemu asanuwo, ndipo aka kanali koyamba m'mbiri ya NBA kuti nambala 8 igwetse nambala 1. Belu lomaliza litalira anagwira bola ija n'kugona nayo chagada pansi, ataikweza m'mwamba ndi manja onse, kukamwa kuli yasa, kusadziwika ngati akuseka kapena akulira. Chithunzi chimenecho ine ndikachiona mpaka lero tsitsi limandinyerenyetsa.

Za chala, eee ankagwedeza chamkombaphala akatchinga shoti, ngati agogo akuletsa mdzukulu kupisa mu mphika wa ndiwo. Ma refa anayamba kumulanga kuti akunyoza anzake, iye osasiya, anangotembenuka kumagwedezera anthu oonera. Michael Jordan naye anamubwezera mu 1997, anamudankira pamutu Mutombo ali ku Atlanta Hawks n'kumugwedezera chala chomwecho, ndiye usaganize kuti ndikunena kuti sankagonja.

Chikho sanatenge, pamenepo wanena zoona. Ku fainolo anafika kawiri, mu 2001 ndi Philadelphia 76ers ya Allen Iverson pamene anagonja kwa Lakers 4-1, Shaquille O'Neal atamukankha ngati thumba la chimanga, ndi mu 2003 ndi New Jersey Nets pamene San Antonio Spurs inawathira. Kenako anadutsa ku New York Knicks n'kukathera ku Houston Rockets monga wothandizira Yao Ming, mpaka bondo linamukana mu ma playoffs a 2009. Koma mu 2015 anamulowetsa mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a basiketi, ndipo nambala 55 ya jezi yake Atlanta ndi Denver anaipachika m'mwamba, palibenso wovala. Ngati kumeneko si ukatswiri ndiye ine ndi iwe timaonera masewera osiyana.

FUNSO: Ndine mphunzitsi ku Lundazi, ndimaphunzitsa ana basiketi pa koti ya simenti yong'aluka ndi bola ziwiri. Ana amandifunsa kusiyana kwa basiketi ya ku koleji ndi NBA, komanso ngati mwana wa kuno angafikeko. Ndiziwayankha bwanji osawanamiza? Mphunzitsi wa ku Lundazi.

YANKHO: Aphunzitsi, choyamba zikomo, anthu ngati inu ndi amene mumagwira ntchito yopanda wowombera m'manja. Ku America ma yunivesite ali ndi ligi yawoyawo pansi pa bungwe la NCAA, wosewera amakhala mwana wa sukulu, amalowa m'kalasi, ndipo ambiri malipiro awo enieni ndi fizi, chakudya ndi pogona. Mwezi wa March kumakhala mpikisano waukulu wa chigonjetse tuluka umene dziko lonse limaonera. NBA ndiye ntchito yolembedwa, matimu 30, ndipo chaka chilichonse mu June amasankha achinyamata pa draft ya ma raundi awiri, malo pafupifupi 60 basi a dziko lonse lapansi. Auzeni nambala imeneyo mosabisa, 60. Ana a sukulu yanu yokha ndi ochuluka kuposa pamenepo.

Koma musawaphe mtima, chifukwa a mu Africa amene anafika ambiri anayamba mochedwa komanso movutikira. Hakeem Olajuwon wa ku Lagos anali goloboyi wa bola, basiketi anaigwira ali ndi zaka 15, anapita ku University of Houston ndipo mu 1984 anasankhidwa nambala 1 pomwe Jordan anali nambala 3. Joel Embiid wa ku Cameroon nayenso anayamba cha m'ma 15, anadutsa ku Kansas, mu 2023 anakhala MVP, wosewera wabwino kuposa onse mu NBA. Pascal Siakam, wa ku Cameroon komweko, anali ku seminale, anadzera ku New Mexico State n'kutenga chikho ndi Toronto mu 2019. Awiri omalizawa anaonedwa pa makampu a konkuno ku Africa, ndipo pulogalamu ya Basketball Without Borders imene Mutombo ankaikonda kwambiri yakhala ikubwera ku Africa kuyambira 2003. Manje kulinso BAL, ligi ya makalabu a mu Africa imene inayamba mu 2021 ku Kigali, ndiye sikuti njira ndi ya ku America yokha.

Kwa mwana wa ku Lundazi makwerero ake ndi timu ya sukulu, mipikisano ya masukulu mu provinsi, kenako makalabu a ku Lusaka ngati Matero Magic kapena UNZA Pacers, ndipo taonani dzina lachiwirilo, ndi timu ya pa yunivesite. Muziwajambula gemu yonse pa foni osati kudanka kokha. Ndipo chenjezani makolo, munthu akawalembera pa Facebook kuti tumizani ndalama ya fomu mwana apite ku America, ameneyo akufuna kuwadyera mbuzi ndi ndalama za fetereza.

FUNSO: Ndinamva kuti anamanga chipatala ndi ndalama zake, zoona? Nanga ali moyo? Nesi wa ku Petauke.

YANKHO: Zoona asisi. Chipatala cha Biamba Marie Mutombo chili ku Kinshasa, chinatsegulidwa mu 2007, cha mabedi 300, ndipo anachitcha dzina la amayi ake amene anamwalira ndi sitiroko chisanamangidwe. Chinadya madola pafupifupi 29 miliyoni, mwa zimenezo 15 miliyoni zinachoka m'thumba mwake, zotsalazo anachita kuyenda kupempha kwa anzake ndi mabungwe kwa zaka zambiri. Mnyamata uja anapita kukaphunzira udokotala n'kusochera pa koti, anabwerera kwawo ndi chipatala chathunthu, inu a ntchito ya unesi mukudziwa bwino kuposa ine tanthauzo la bedi limodzi likapezeka usiku. Mu 2009 atasiya kusewera NBA inamupanga kazembe wake woyamba woyenda m'mayiko.

Moyo alibenso. Mu October 2022 kunalengezedwa kuti ali ndi chotupa mu ubongo, ndipo anamwalira pa 30 September 2024 ali ndi zaka 58.

FUNSO: Amalume tithandizeni, ine ndi mnzanga timatchova njinga za kabaza pa Down Shops, tabetcherana nkhuku. Ine ndikuti Mutombo ndi amene anatchinga mashoti ambiri m'mbiri ya NBA, iye akuti ayi. Wakabaza wa ku Mchini.

YANKHO: Achimwene pepani, kagwireni nkhuku ija. Mutombo ndi wachiwiri ndi 3,289, woyamba ndi Olajuwon ndi 3,830. Koma musapereke msanga, mufunseni kaye mnzanuyo atchule dzina la woyambayo, chifukwa kungoti ayi aliyense atha kunena. Akalephera mugawane, iye atenge mapiko ndi khosi, ine nthutumba mundisungire ndidzadutsa Loweruka.