Funsani Dokotala: Miyala ya m'kapamba ingachoke popanda kung'amba mimba?

Funso: Adokotala, ndine bambo wa zaka 47. Kwa zaka zitatu tsopano ndimamva ululu pamwamba pa mchombo umene umalasa mpaka kumsana, makamaka ndikangomaliza kudya. Atandijambula ndi CT anandiuza kuti kapamba wanga wakhala wotupa nthawi yaitali ndipo m'njira yake muli miyala. Akuti adzaichotsa ndi kachubu kolowera pakamwa. Zimatheka bwanji? Nanga akachotsa ndichiriratu? Mowa ndinachepetsa, koma fodya ndikusutabe.

Yankho: Pepani ndi ululuwo, bambo. Tiyambe ndi dzina, chifukwa mawu akuti kapamba timatchulira ziwalo ziwiri. Wanuyu si uja amatupa ndi malungo ayi, koma amene madokotala amati pancreas. Amakhala kuseri kwa chifu, ndipo ntchito zake ndi kupanga insulin (amene amawongolera shuga m'magazi) komanso madzi ogaya chakudya. Madziwo amayenda m'kanjira kopapatiza, ka mamilimita pafupifupi 3, n'kukathira m'matumbo aang'ono pamalo amodzi ndi ndulu. Kapamba akatupa kwa zaka, madzi aja amakhuthala, calcium amaundana, miyala n'kubadwa. Mwala ukatseka njira, madzi amadzadzana kumbuyo kwake ngati ngalande yotsekeka. Mukadya, kapamba amakankha madzi ena, potulukira palibe, ndiye ululu wolasa kumsana uja.

Njira imene akuuzaniyo imatchedwa ERCP. Mumakhala osadya maola 6 kapena 8, kenako amakugonetsani ndi mankhwala. Dokotala amalowetsa chubu chofewa chokhala ndi kamera pakamwa, kudutsa m'chifu mpaka pakakhomo pamene njira ya kapamba imathera. Amathiramo mankhwala ooneka pa X-ray kuti aone pamene mwala wakhala, amacheka pang'ono kakhomoko kuti kakule, ndiye amakoka mwalawo ndi kadengu ka waya kapena kabaluni. Umagwera m'matumbo n'kutuluka ndi chimbudzi, inu osadziwa.

Kunena n'kosavuta, koma miyala ya m'kapamba ndi yamakani. Ndi yolimba kuposa ya m'ndulu, imakhala yokakala, ndipo nthawi zambiri imamatirira kuseri kwa malo amene njira inafinyika ndi zipsera. Kadengu kamakwanitsa timiyala tosapitirira mamilimita 5. Ikaposa pamenepo amayamba aiphwanya ndi makina otumiza mafunde amphamvu kuchokera kunja kwa thupi, otchedwa ESWL, omwe aja amaphwanyira miyala ya mu impso. Zipatala zina zimalowetsa kakamera kakang'ono m'njira mwenimwenimo n'kuswa mwalawo ndi laser. Ngati njira ndi yofinyika amasiyamo kachubu ka pulasitiki kotchedwa stent, kamene kamakhalamo miyezi ingapo ndipo kamafuna kusinthidwa kapena kuchotsedwa. Tsiku limene angakupatseni musaliphonye. Stent woiwalika amatsekeka n'kubweretsa matenda ena. Musadabwenso akakuitanani kawiri kapena katatu, si kuti alephera.

Zoopsa zilipo. Chofala kwambiri ndi kapamba kutupa mwadzidzidzi pambuyo pake, n'chifukwa chake ambiri amapatsidwa diclofenac kapena indomethacin wolowetsa kumbuyo asanayambe. Kutaya magazi, kutenga tizilombo kapena kubooka kwa thumbo zimachitikanso, koma mwa apo ndi apo. Mukabwerera kunyumba n'kumva ululu wokulirakulira, kutentha thupi, kusanza kosalekeza kapena chimbudzi chakuda bii, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsono funso lanu lachiwiri, ndipo sindikunamizani. ERCP imatsegula njira, siibweza kapamba mwakale. Mnofu umene unasanduka chipsera ndi chipsera basi. Amene imawathandiza kwambiri ndi aja ali ndi miyala yochepa, yokhala chakumutu kwa kapamba pafupi ndi khomo, ndipo matenda sanakhalitse. Miyala ikakhala yambiri, kapena ili kutali kumchira, phindu lake limachepa. Mwa ena ululu umapitirira ngakhale njira yayera, chifukwa mitsempha yomvera ululu inawonongeka kale.

Pakatha masabata 6 mpaka 8 madokotala amaunika ngati mwapepukidwa. Ngati palibe kusintha, ine sindilimbikitsa kumangobwerezabwereza ERCP chaka ndi chaka. Kafukufuku wa ku Netherlands, wa mu 2007 ndi wina wa mu 2020, anaonetsa kuti kwa odwala amene njira yawo ndi yotsekeka, opaleshoni yolumikiza njira ya kapamba ndi thumbo imachepetsa ululu kuposa njira ya kachubu kolowera pakamwa. Choncho funsani kuti muonanenso ndi dokotala wa opaleshoni msanga, osadikira kuti thupi lizolowere mankhwala amphamvu opha ululu. Afunseninso kukula kwa miyalayo, chiwerengero chake ndi pamene yakhala.

Mwati mowa munachepetsa. Kuchepetsa sikukwanira, ufunika kuusiyiratu. Fodyayo ndiye ambiri amamupeputsa, komatu amafulumizitsa kuundana kwa miyala yatsopano ndipo amawonjezera chiopsezo cha khansa ya kapamba. Muziyezetsanso shuga chaka chilichonse. Mukaona kuti mukuwonda, kapena chimbudzi chikutuluka chamafuta, chonunkha kwambiri, choyandama, uzani dokotala wanu: alipo makapisozi olowa m'malo mwa madzi ogaya chakudya aja, ndipo amamwedwa pamodzi ndi chakudya chilichonse.