Funsani Dokotala: Kodi magazi angaonetse kuti ndikumwadi ma ARV?

Funso: Adokotala, ndimamwa ma ARV otchedwa TLD tsiku lililonse, koma viral load yanga (kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi) yakwera. Kuchipatala akundikayikira kuti ndimadumphitsa. Palibe njira yoyezera mankhwalawo m'magazi kuti adzionere okha? Ndine mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, njirayo ilipo. Magazi amawazunguza m'makina mpaka maselo atakhazikika pansi, pamwamba n'kutsala madzi achikasu otchedwa plasma. Madziwo amawalowetsa m'makina a LC-MS/MS, omwe amayamba asiyanitsa mankhwala ndi zina za m'magazi, kenako n'kuwazindikira ndi kulemera kwa tizidutswa tawo. Amatha kupeza ngakhale ma nanogramu ochepa chabe mu mililita imodzi, pomwe nanogramu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a gramu. Koma makinawa ndi odula ndipo amafuna akatswiri, n'chifukwa chake amapezeka makamaka m'malabotale a kafukufuku.

Plasma nayo ili ndi polekezera. Tenofovir ndi dolutegravir, omwe ndi ena mwa mankhwala a mu TLD, amachepa ndi theka pasanathe maola 20, choncho zotsatira zimangonena za masiku ochepa apitawo. Wodumphitsa mwezi wonse akamwa masiku awiri asanapite kuchipatala, magazi amamuikira kumbuyo. Pothana ndi zimenezi, ofufuza amayezanso madontho a magazi ouma papepala, chifukwa m'maselo ofiira tenofovir amatenga masiku pafupifupi 17 kuti achepe ndi theka. Ena amayeza tsitsi.

Komatu chondidetsa nkhawa pa inu ndi china. Munthu akhoza kumwa mokhulupirika, mankhwala osakwanirabe m'thupi. Kodi mumamwa mapiritsi owonjezera magazi, a calcium, kapena a magnesium trisilicate oletsa kutentha pamtima? Amenewa amagwirana ndi dolutegravir m'matumbo n'kumulepheretsa kulowa m'magazi. Muzimwa TLD maola 2 musanamwe mapiritsiwa, kapena patadutsa maola 6 mutawamwa. Ngati muli pa mankhwala a TB okhala ndi rifampicin, chiwindi chimachotsa dolutegravir msanga, ndipo pamafunika piritsi lina la dolutegravir la 50 mg patapita maola 12.

Sonkhanitsani zonse zomwe mumamwa, za kugolosale ndi zazitsamba zomwe, mukaonetse kuchipatala. Viral load ikakhalabe pamwamba atayezanso, funsani zoyeza ngati kachilomboko kayamba kusamva mankhwala. TLD musasiye.